Chipolopolo cha ku Burma

Madzulo amenewo Dyson anakhala pakhonde atatambalala, akupukuta mfuti ndi kansanza. Munali m'chaka cha 1950, njala yaikulu itangotha kumene, ndipo ku Nkhulambe aliyense ankalondera chinangwa chake ngati mwana wobadwa yekha. Koma nguluwe sizinamve zoti kunali njala. Zinkatsika m'phiri n'kufukula munda wathunthu usiku umodzi. Ndiye boma linapereka mfuti kwa amuna angapo obwera kunkhondo kuti azipha nyama zoononga mbewu. Mmodzi mwa iwo anali Dyson, msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la atsamunda, amene anakafika mpaka ku Burma.

Pamudzipo iye anali mkamwini chabe, wodzakwatira Ida. Koma mukanamuona akuyenda mfuti ili paphewa, mukanati mudziwo anamanga ndi iye.

Pamkeka anali atayala zipolopolo za mitundu iwiri. Zaboma zinali m'kabokosi ka pepala, zamutu wobulungira, mtovu wake woonekera kunsonga, wofewa moti chikhadabo chinkasiyapo mzere. Zina zisanu zinali m'kachitini ka fodya, zosongoka, zokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga, zonyezimira. Izi anabwera nazo mobisa kuchokera kunkhondo, atazisokerera m'bulangete.

A Makina, amalume ake a Ida, anatulukira kuseri kwa nkhokwe n'kudzanjuta pafupi. Anali mlenje wakale, wa mfuti ya gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kusinja ndi ndodo. Anatola chimodzi mwa zosongokazo n'kuchitembenuza.

"Zokongolazi n'zanyama?"

"Bwana wa ku Mulanje akuti tizigwiritsa zofewazi," anatero Dyson. "Akuti zikalowa m'nyama zimaphwatalala ngati bowa n'kuima momwemo. Koma patali ine sindizikhulupirira, amalume. Zangazi zimapita ngati chingwe. Ndinkagwetsa nazo munthu ali kutsidya kwa mtsinje, akuoneka ngati nyerere."

"Zikagwetsa, zimaima?"

"Zimaboola n'kupitirira."

"Kupita kuti?"

Dyson anangoseka. A Makina anabwezera chipolopolo chija m'kachitini, napukuta zala pakabudula.

"Gogodela wanga ndi wopusa, safika patali," anatero. "Koma chimene ndatuma ndimakachipeza m'nyama. Wantchito womutuma n'kupitirira pakhomo, ine sindimufuna."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Dyson khutu lake linali litauma ndi mizinga. Anatenga chosongoka chimodzi, nachilowetsa mu mfuti, nanyamuka kupita kumunda.

Dzuwa linali litangobisala kuseri kwa phiri, kunja kukadali koyera. Nguluwe yamphongo inatulukira kumalire kwa munda, kutali ndithu, n'kukwera pachulu. Inaima pamwamba penipeni, ikununkhiza mphepo. Amayi atatu ochokera kotunga madzi anaima m'njira ndi mitsuko yawo kuti aone zimene msilikali achite. Kumbuyo kwa nguluweyo kunalibe mtengo kapena phiri, koma thambo lokha. Kuseri kwa chulu kunali dambo lalitali, ndipo kutsidya kwa dambolo kunali mudzi.

Lamulo loyamba limene anamuphunzitsa tsiku logwira mfuti linali lakuti usaombere usanaone chimene chili kumbuyo kwa chinthu ukuchilozacho. Dyson ankalidziwa, ndipo analikumbukira ali chigwadire pomwepo. Ichi ndiye sitingamuchotsere. Koma amayi aja ankayang'ana.

Mfuti inalira. Nguluwe inalumpha n'kulowa m'bango.

Anakaipeza m'mawa mwake itafera m'mphepete mwa dambo. Anthu anakondwa, amayi anaimba nthungululu, wina mpaka anamutchula Dyson kuti mkango. A Makina okha anagwada n'kuitembenuza nyamayo. Inali ndi mabala awiri aang'ono, lina kuphewa ili, lina kuphewa linalo. Analowetsa chala pabala lotulukira, nakweza maso kuyang'ana kutsidya kwa dambo, kenako anayang'ana Dyson. Kutsidyako kunkamveka kulira kwa maliro, kozilala chifukwa cha kutalika.

Uthenga unafika nyama isanathe kugawidwa. Lenia, mkazi wa Tobias, ankathyola nandolo kuseri kwa nyumba yake dzuwa likulowa, ndipo anangogwa osakuwa n'komwe. Amayi osambitsa maliro anapeza kabala kunsi kwa mkhwapa, kakang'ono ngati njere ya nandolo, magazi ake ochepa. Za mfuti panalibe anaziganiza. Mfuti zimene anthu ankazidziwa zinali za gogodela, zofika pamene mwala wagulaye ufika, pomwe kuchokera pachulu chija kukafika kwa Lenia unali mtunda woposa mailo imodzi. Ndiye anthu anati ndi zamankhwala. Alongo ake a Lenia analoza chala Tobias, mkamwini wofatsa amene munda wake unabereka bwino chaka chimenecho, kuti wakhwimira mkazi wake. Anapangana kuti sabata ikatha amuthamangitse, asiye ana ake atatu, asadzawaonenso.

Dyson anapita kumaliroko. Anathira nawo dothi, anaimba nawo nyimbo, mawu ake akumveka bwino. Anamupatsa dzanja Tobias, amene anakhala yekha pansi pa mtengo wa mango popanda womuyandikira. Nyama ya nguluwe ija sanailawe, ankangoti m'mimba mwamuvuta. Kawiri konse anavala malaya kuti awoloke dambo akanene, ndipo kawiri konse anathera pankhokwe. Akanene kuti chiyani? Kuti iye, msilikali wa ku Burma, anaombera m'mwamba ngati mwana woba mfuti ya bambo ake, pofuna kugometsa amayi a mitsuko?

Usiku wachisanu ndi chimodzi, mwezi uli pamutu, anamva mawu pakhomo.

"Odi."

Anali mawu a mayi, otsika, aulemu. Ida anali m'tulo tofa nato. Agalu a m'mudzimo, amene ankauwa ngakhale tsamba, anali chete.

"Odi kuno."

Dyson anadzuka. Dzanja linapita lokha pamene pankakhala mfuti, koma analibweza. Anachotsa mpiringidzo.

Pabwalo panali mayi atasenza lichero la nandolo. Nsalu yake inali yonyowa mpaka m'chiuno, yomata matope akuda a m'dambo. Ataona kuti chitseko chatseguka, anatula lichero pansi, nagwada chapatali pang'ono monga achitira mkazi wa mwini pamaso pa mwamuna wa mwini, nkhope atazolika. Anatambasula manja onse awiri.

"Pepani ndakudzutsani, bambo. Chinthu chanu chinasochera kwathu. Ndati ndibweze kwa eni ake."

Dyson sanafune kulandira, koma chinthu chopatsidwa ndi manja awiri munthu woleredwa sachikana. Chinagwera m'chikhatho mwake. Unali mutu wa chipolopolo, wamkuwa, wosongoka, uli ndi timizere tija mpope wa mfuti umasiya. Unali wofunda, osati ngati chochokera pamoto, koma ngati dzira longoikidwa kumene.

"Chapindika pang'ono kunsongako," anatero mayiyo. "Chinagunda nthiti. Mundikhululukire."

Dyson akanakonda mayiyo akanamulalatira, akanamulavulira, akanamugwira pakhosi. Koma ankapepesa.

Mayi uja anasenzanso lichero lake n'kuima chilili, akudikira. Dyson anadziwa chimene ankadikira. Mlendo sabwerera yekha kuchokera pakhomo, amaperekezedwa.

"Njira ya kuno sindiidziwa," anatero mayiyo. "Ndangotsata mmene chinadzera chinthu chanucho."

Anatsogola, Dyson pambuyo, wopanda nsapato, wopanda malaya. Sanatsate njira ya anthu, ija yozungulira kukadzera paulalo wa mitengo. Anadula pakati pa chinangwa, molunjika ngati chingwe. Anafika pamene Dyson anagwada tsiku lija. Anafika pachulu, ndipo mayiyo sanachilambalale, anakwera pamwamba n'kutsikira kuseri. Analowa m'dambo. Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno, ozizira mpaka m'mafupa. Achule ankasiya kulira iwo akamayandikira. Dyson ankamva miyendo yake ikuvundula madzi, koma kutsogolo kwake sikunkamveka kanthu, ndipo lichero silinkagwedezeka.

"Nguluwe ija munaipeza?"

"Tinaipeza, mayi."

"Bola. Ndimaopa kuti mwina chinangopita pachabe."

Anayenda. Dambo silinkatha. Dyson anali atanena kambirimbiri pamowa kuti mfuti yake imafika mailosi awiri, koma anali asanaziyendepo ndi mapazi ake. Bango linamucheka m'manja. Misundu inamumata m'miyendo.

"Nandoloyu ndimafuna ndiwaphikire ana ndi chinangwa," anatero mayi uja osacheuka. "Wamng'onoyo sadya akapanda kumusendera. Bambo ake amadziwa kusenda kwake. Azimalume ake sadziwa."

Apa Dyson sanathenso kupirira. Anaima m'madzimo, misozi ikutsika.

"Mayi Lenia, ndine. Ndinaona kuti kumbuyo kulibe kanthu kotchinga, koma ndinaombera. Ndinasiya zofewa dala."

Mayiyo anaima, koma sanatembenuke.

"Ine musandiuze, bambo. Ine ndinamva kale, m'thupi mwangamu. Kauzeni alongo anga. Mawa akuthamangitsa amuna anga."

Anatuluka m'dambo n'kudutsa munda wa nandolo kuseri kwa kanyumba kena. Dyson anaganiza kuti afika, koma mayiyo anangocheukira kukhomo kamodzi n'kupitirira. Analowa m'nkhalango ya mitengo italiitali kumene anthu satolako nkhuni. Pamtumbira watsopano anatula lichero, nagwadanso.

"Mwandiperekeza mokwanira. Zikomo. Mubwerere bwino."

Dyson anaphethira. Panalibe mayi, panalibe lichero. Panali dothi lofiira ndi nkhata ya maluwa ofota. Anangokhala pansi pomwepo mpaka kunja kunayamba kucha.

Kumeneko kunali mwambo wakuti imfa ikakhala yokayikitsa, abale amasesa mozungulira mtumbira n'kumabwera mbandakucha kudzaona ngati pali mapazi a mfiti zofuna kufukula mtembo. Tambala atalira kachitatu anabwera amuna anayi ndi zibonga, motsogozedwa ndi Jonasi, mlongo wamkulu wa Lenia. Anabweretsanso Tobias, Jonasi atamugwira pamkono, kuti akapeza mapazi ayerekeze ndi ake. Sanafunike kuyerekeza. Pamalo osesedwapo panali mapazi a munthu mmodzi yekha, ndipo mwini wake anali pomwepo, wopanda malaya, matope thupi lonse.

"A Dyson!" anatero Jonasi. "Mwadzatani pamanda a mlongo wanga?"

Chipolopolo chinali m'nkhonya mwake, chikadali chofunda. Chimene chinkafunika n'kungotambasula zala. Anayang'ana Tobias, amene maso ake anali otupa. Anayang'ana amuna enawo, ena mwa iwo anali atamumverapo nkhani za ku Burma pakamwa pali yasa. Anatsegula pakamwa. Mawu amene anatha kuuza wakufa m'dambo anakana kutuluka pamaso pa amoyo. Nkhonya inafumbata kwambiri.

"Ndaperekeza mlendo," anatero.

Jonasi anasiya mkono wa Tobias pang'onopang'ono. Palibe anamumenya Dyson. Anangopatuka n'kumusiyira njira, ngati mmene anthu apatukira njoka.

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itawoloka dambo. Tobias anakhala ndi ana ake, ndipo alongo a Lenia anamupepesa ndi nkhuku. Za Dyson anthu sanakuwe, ankangonong'ona. Ankati ku Burma anakatengako mfuti ina yosaoneka, yoombera munthu ali kutali osamva kulira kwake, ndipo anabwera kumanda kudzatenga nyama yake. Amayi ankakokera ana m'nyumba iye akamadutsa. Kutchalitchi benchi lake linkakhala la iye yekha. Mfuti yaboma anakaibweza ku Mulanje, akuti maso ayamba kumuvuta. Ida sanamuthamangitse, koma sanamufunsenso kanthu kuyambira tsiku limene anatsegula kachitini ka fodya n'kupezamo zipolopolo zinayi ndi kamutu kamodzi kopindika.

Dyson sanatsutse ngakhale kamodzi kuti si mfiti. Dzina la ufiti analisenza mpaka imvi, ndipo zikuoneka kuti linkamupepukira kuposa la msilikali wopha mayi mwachibwana.

Tsiku lina a Makina, atakalamba kwambiri, anamupeza pakhonde pomwe paja akuyang'ana kudambo. Ananjuta pafupi naye, poti ndi iwo okha amene sankamuopa.

"Ukanangotambasula dzanja, mwana wanga," anatero. "Anthu akanakukhululukira kalekale."

Dyson anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali.

"Mayi aja amabwerabe, amalume, nandolo akakhwima," anatero. "Sakalipa. Amangofunsa ngati ndawauza."