Njinga Yomukwana Kafupi

Kafupi ankafuna njinga. Osati njinga wamba ayi. Ankafuna njinga yokwera mapiri. Njinga ya matayala onenepa. Njinga ya magiya.

Dzina lakuti Kafupi anamupatsa ndi anzake. Analidi mtsikana wamfupi. Koma akafuna kunena chinthu, ankachinena mosaopa.

Sukulu ya Kafupi inali kuseri kwa chitunda. Msewu wake unali wa miyala. Kafupi ankayenda wapansi. Ankafika atatopa. Ankapeza belu litalira kale.

Tsono kwawo kwa Kafupi kunali lamulo. Chilichonse ankagula chachikulu. Amayi akagula nsapato, ankagula zazikulu.

“Ukula nazo,” ankatero.

Akagula juzi, manja ake ankafika m'mawondo.

“Ukula nayo,” ankatero.

Nsapato za Kafupi zinkachita kulira poyenda. Phwa! Phwa! Phwa! Kutsogolo kwake ankaikamo mapepala.

Tsiku lina Amayi anamuitana.

“Kafupi, ndalama za njinga zija ndasunga. Koma ndi zochepa. Tikagula, tagula. Ikakhala yoipa, ina kulibe.”

“Musadandaule, Amayi,” anatero Kafupi. “Ndisankha bwino.”

Ananyamuka ulendo wa ku shopu ya njinga. Mng'ono wake wa Kafupi, Chitsiriza, anapita nawo. Iyeyu sankalola kutsala.

Mushopumo munkanunkha girizi. Njinga zina zinali pansi. Zina zinali zopachika kudenga. A Makanika anapukuta manja ndi kansanza.

“Takulandirani,” anatero. “Sankhani.”

Pakhomo panali njinga yofiira. Inali yatsopano. Inali yonyezimira. Kafupi anaisisita. Anaikonda kwambiri.

Amayi anafunsa mtengo wake. A Makanika anatchula. Amayi anagwira pakamwa.

“Imeneyo tingoiona ndi maso,” anatero.

Kafupi zinamuwawa mumtima. Koma sanalire. Anachotsa dzanja lake.

“Palibe kanthu,” anatero. “Penti sakwera chitunda.”

Kenako Amayi anaona njinga yabuluu. Inali yakale. Inali yayikulu, chinjinga chenicheni. Mtengo wake unali wabwino. Amayi anamwetulira.

“Iyi ndiye njinga!” anatero. “Ukula nayo.”

“Ndiyese kaye,” anatero Kafupi.

Kuseri kwa shopu kunali kabwalo kotsetsereka. Kumapeto kwake kunali mulu wa matayala akale. A Makanika anagwira njinga. Kafupi anakwera. Mapazi ake sanafike pansi. Zala zake sizinafike pa mabuleki.

“Yakukulira, mwanawe,” anatero a Makanika.

“Ndisiyeni pang'ono, Amayi aone,” anatero Kafupi.

Anapalasa. Njinga inayenda. Inayamba kuthamanga. Inathamanga kwambiri!

“Gwira mabuleki!” anakuwa Amayi.

“Sindikuwafikira!”

Gu! Kafupi anagwera pa matayala aja. Nsapato imodzi inauluka. Chitsiriza anaithamangira.

Amayi anafika mtima uli m'mwamba. Anamugwira mutu. Anamugwira mawondo.

“Wavulala, mwana wanga?”

“Ayi, Amayi. Pano pali matayala. Koma pachitunda paja pali miyala.”

Amayi anayang'ananso chinjinga chija. Anachita mantha kwambiri.

Kafupi anasasa fumbi. Analowanso mushopu. Pakona panali njinga yobiriwira. Inali yocheperapo. Penti wake anali wokalikakalika. Belu inalibe. Palibe amene ankaiyang'ana.

Kafupi anaitulutsa panja. Anakwera. Mapazi ake anafika pansi. Zala zake zinafika pa mabuleki. Anadina matayala. Anali olimba. Tcheni chinali ndi dzimbiri pang'ono. A Makanika anathira oyilo.

Kafupi anapalasa. Anasintha magiya. Ke! Ke! Anatsetsereka pakabwalo kaja. Atayandikira matayala, anagwira mabuleki. Tswii! Njinga inaima pomwepo.

“Ndi imeneyi, Amayi,” anatero. “Ndasankha.”

Mtengo wake unali wotsika. Koma Amayi anali ndi nkhawa.

“Mwana iwe, ukukulatu. Posachedwa ikuchepera. Ndalama zathu zilowa m'madzi.”

Kafupi anagwira chishalo.

“A Makanika, kodi chishalochi chimakwera?”

“Chimakwera ndithu,” anayankha a Makanika. Anachimasula. Anachikweza. Anachitsitsanso.

“Mwaona, Amayi? Ndikakula, tikweza chishalo.”

“Nanga ukakula kwambiri?”

Kafupi anaganiza. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona Chitsiriza atakumbatira nsapato ija. Anamunyamula. Anamukhazika pachishalo. Timiyendo take tinali lendelende.

Amayi anayang'ana timiyendoto. Anayang'ana njinga. Kenako anaseka chikhakhali.

“Akula nayo!” anatero.

“Akula nayo!” anatero a Makanika.

Amayi analipira. Panatsala kangachepe.

“Kameneka tigule chisoti choteteza mutu,” anatero Amayi.

Anapita pamene panali zisoti. Dzanja lawo linapita pa chisoti chachikulu. Chizolowezi ndi chovuta.

“Amayi!” anatero Kafupi.

Amayi anachibweza msanga. Anatenga chaching'ono. Anamuveka. Chinamukwana bwinobwino. Aka kanali koyamba Amayi kumugulira chinthu chomukwana.

M'mawa mwake Kafupi anakwera chitunda chija. Anasintha magiya. Ke! Ke! Miyala sinamuvute. Potsika anagwira mabuleki. Tswii! Anafika kusukulu belu lisanalire. Anasangalala tsiku lonse.

Pobwerera anapeza Amayi ali pakhonde. Chitsiriza anali pomwepo, kansanza kali m'manja. Anathamangira njinga. Anapukuta chishalo. Anapukuta matayala. Anapeza matope pang'ono. Anakwinya nkhope.

“Achemwali,” anatero, “muzipalasa bwino. Njingayitu ndi yanga.”