Mkazi wa Kuponi

Pakhomo pa a Yobu ku Wimbe panali pa ulemu. Chigafa chawo cha fodya chinali chaching'ono koma chosadontha, ndipo m'mawa sankagwira khasu asanapemphere. Mwana wawo Evelyn anali Fomu 3, wanzeru m'kalasi, koma pakamwa ndiye panalibe chotsekera.

Chaka chimenecho aphunzitsi ake, Mayi Ennie, anamasulira m'Chichewa sewero lakale la ku Ulaya, la m'zaka za m'ma 1800. Linali la mtsikana amene bambo ake ankafuna kumukwatitsa kwa nkhalamba yoyandikana nayo munda, kuti minda iwiriyo ikhale umodzi. Mayi Ennie anafotokoza kuti masiku amenewo mkazi wa kumeneko akakwatiwa, katundu wake ankagwera m'manja mwa mwamuna, ndipo kutuluka m'banja kunali kovuta kuposa kulowamo. N'chifukwa chake mtsikanayo anaimirira pamaso pa abale ake n'kunena kuti, "Ine si malire a munda."

Evelyn ndiye anasewera mbali imeneyo, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka manja kuwawa. Kuyambira tsikulo mawu aja anawasandutsa ndiwo. Akatumidwa kumjigo, yankho linali lomwelo. Phunziro la sewerolo analisiya kusukulu, kunyumba anabwera ndi liuma lokha.

Nyengo yolemba mayina a makuponi a feteleza itakwana, komiti ya m'mudzi inagwirizana kuti, popeza makuponiwo anali ochepa, ayambe ndi mabanja, anyamata osakwatira adikire. Grey, wosakwatira wolima fodya kutsidya kwa dambo, anamudikirira Evelyn panjira.

"Iwe sewero umalitha," anatero. "Ungokhala mkazi wanga tsiku lolemba mayina basi. Umange duku, ukhale pakhonde panga. Feteleza akabwera ndikugulira foni."

Evelyn anaseka, navomera. A komiti atafika anamupeza akusesa, ndipo anawagwadira mwaluso moti analemba dzina lake pambali pa la Grey.

Amayi a Evelyn, a Lusiya, anamva tsiku lomwelo. "Mwanawe, ukwati sasewera nawo. Pamudzi pano akakuona ukusesa pakhomo pa mwamuna kawiri, kachitatu amakuitana dzina lake."

"Amayi, inu za sewero simuzidziwa. Moyowu ndi wanga."

A Yobu anayankhula motsitsa mawu. "Ngati akukufuna, atumize ankhoswe. Ngati sakukufuna, ukukatani kumeneko?"

"Ine si malire a munda," anatero Evelyn, n'kumenyetsa chitseko.

Kenako Grey anati a komiti akukayikira, adzabweranso mosadziwitsa, ndiye akhale kwa iye sabata imodzi. Sabata inabala mwezi. Mvula itagwa, Evelyn anali m'mizere akuwokera fodya wa munthu, anzake ali m'kalasi. Pofika Januwale anali ndi pakati, ndipo sukulu inathera pomwepo. Feteleza analowa m'munda mwa Grey. Foni ija sanaione n'komwe.

Fodya atalowa m'chigafa, kunabwera alendo ochokera kwa Mwase kudzakamba za ukwati: ankhoswe a Vailet, mtsikana amene Grey anamutomera kalekale. Grey sanachite ngakhale manyazi.

"Tinagwirizana kuti ndi sewero," anauza Evelyn. "Latha. Nyamula duku lako."

Evelyn anathamangira kwa amalume ake kuti akamuzengere mlandu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu. "Mlandu wa banja amaukamba ndi ankhoswe. Nkhoswe yako ndani? Kwa ine sikunabwere munthu aliyense kudzapempha mbeta. Ndikayambira pati?"

Apo m'pamene mantha anamugwira. Mudzi wonse unkamuyesa wokwatiwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woikira umboni ukwatiwo. Anabwerera kwa makolo ake akulira, ndipo a Lusiya anamutsegulira chitseko.

Chaka chotsatira, tsiku loitana mayina a makuponi pabwalo, Grey anatumizira Evelyn uthenga woti akhale chete, popeza m'kaundula dzina la mkazi linali lakebe. Evelyn anapita, khanda lili kumsana. A komiti ataitana banja la a Grey, Evelyn anaimirira.

"Dzina langa mulifufute pamenepo. Sindinakhalepo mkazi wa bamboyu. Ndinanama, ndipo chifukwa cha bodza langa a Gladness, mayi wamasiye wa m'mudzi muno, anatsala opanda kuponi, chimanga chawo chinangofiira."

"Khala pansi iwe," anakalipa Grey.

"Ndinakhala pansi miyezi yonse ija pakhonde panu. Lero sindikhala."

A komiti anafufuta mayina onse awiri, n'kulemba la a Gladness. A Yobu anasuntha pamphasa kuti mwana wawo apeze pokhala.

Mulungu anamukhululukira, makolo ake anamukhululukira, koma mayeso a Fomu 4 anali atamudutsa, ndipo ku Wimbe amamutchulabe mkazi wa kuponi. Atsikana inu, mverani: kukana choipa ndi kulimba mtima, koma kukana malangizo a makolo ndi liuma chabe. Musanamize anthu kuti muli pabanja, ngakhale kwa tsiku limodzi. Sewero la kusukulu likatha, munthu amavula duku n'kubwerera m'kalasi. La Evelyn litatha, anabwerera kwawo ndi mwana kumsana.