Tiyi Akuzizira, Mayi a Kunney

Aytal Sleptsov, yemwe analipo tsikulo, si munthu wokometsa nkhani. Mukamufunsa amanena zomwe anaona ndi kumva, kenako amakhala chete.

Tuyaara anali wofufuza za nthaka youndana, ija yosasungunuka ngakhale m'chilimwe. Zipangizo zake zoyezera kuzizira anaziika m'dzenje losungiramo nyama ndi nsomba limene malemu mwamuna wake, Erchim, anakumba kumudzi kwawo, m'mbali mwa mtsinje wa Lena, kudziko lozizira kwambiri la kumpoto. Chaka ndi chaka zipangizozo zinkanena chimodzimodzi: nthaka ikufunda. Komabe Tuyaara ankakonda kutsikiramo, poti pamakoma pankaonekabe mmene nkhwangwa ya mwamuna wake inkadutsa.

Masana ena a chilimwe anatsika, n'kusiya Aytal, mnzake wa kafukufuku, panja akulimbana ndi udzudzu.

"Musachedwetu, achemwali. Udzudzuwu undimaliza, mupeza mafupa okhaokha."

"Mafupa omwewo tiwayeza," anayankha Tuyaara akuseka.

Pansi panali zii. Anayatsa tochi n'kuyamba kumasula mawaya. Kenako anamva dontho. Tho. Tho. Chikumbireni, m'dzenjemo munali musanadonthepo madzi.

Fungo linasintha. Silinali la ayezi ndi nsomba. Unali utsi wa nkhuni, thukuta la hatchi, ndi fodya uja ankamuletsa Erchim kusuta.

Wina anatsokomola pamwamba pa makwerero.

"Mayi a Kunney," anatero mawuwo, motsitsa. "Tatulukani. Tiyi akuzizira."

Umu ndi mmene Erchim ankamuitanira akakhalitsa pa ntchito. Tuyaara sanaope. Mtima unangomuwawa.

"Ndatsala pang'ono, bambo," ananong'ona.

"Ayi. Panopa."

Anasiya zonse. Anakwera misozi ili chuchuchu, akuthamangira nkhope imene ankadziwa kuti sakaipeza. Atangoponda udzu, pansi panagunda. Denga la dzenje linatitimira, matope n'kumeza makwerero.

Aytal anathamanga kuchokera kumpanda, ali wefuwefu.

"Wandiitana ndiwe?" anafunsa Tuyaara.

"Ine ayi," anatero Aytal. "Koma kutsokomolako ndakumva."

Anakhala pansi onse awiri. Ndi Aytal amene analoza pachitsa china chapafupi. Panali magolovesi a Tuyaara, amene anawavula pansi m'dzenjemo n'kuwaiwala pothawa. Anali atasanjikizidwa bwinobwino, chala pa chala, opanda ndi thope lomwe.

Tuyaara anawatola n'kuwagunditsa patsaya.

Anali ofunda, ngati wina wangowachotsa kumene m'khwapa.