Eni Ake Abwera Loweruka

Atelala ankaanula zovala madzulo a Lachiwiri pamene anapeza malaya omwe sanayanike iwo. Anali malaya aamuna, obiriwira ndi ndere, ndipo ankadontha madzi chikhalirecho dzuwa linali litaswa mtengo tsiku lonse. Atawanunkhiza anamva mchere ndi fungo la nsomba zowola. Anawatola ndi kamtengo n'kuwaponya kuseri kwa mpanda, uku akutukwana anansi awo chamumtima.

Kuwatukwanako kunali ndi chifukwa. Panali patatha milungu itatu chilowereni m'nyumbayo, koma mumsewu wonsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawayankhapo odi. Amati akaima pageti la eni ake n'kuchita odi, wailesi imazimitsidwa, makatani n'kutsekedwa, ana n'kukokeredwa m'kati. Anthu a nyumba za matailosi ndi magalimoto awiriawiri, koma mwambo wochepa kuposa wa nkhuku. Atelala anangoti ndi nsanje basi.

Nyumbayo anaivutikira. Amuna awo atamwalira, alamu awo anasesa zonse mpaka masipuni, iwo n'kutsala ndi makina osokera ndi mwana mmodzi wamkazi. Anapalasa makinawo zaka khumi ndi chimodzi mpaka maondo kuyamba kulira. Ndiye dobadoba wina atawaonetsa nyumba ya zipinda zitatu m'dera la kunja kwa mzinda, pamtunda pang'ono kuchokera kunyanja ya mchere, pamtengo wonga wa khola la mbuzi, sanafunse zambiri. Anangouzidwa kuti mwini wake, mkulu wina wa maboti ophera nsomba, akusamukira kumapiri chifukwa cha chifuwa. Kwa loya, atelala analembetsa nyumbayo m'dzina la mwana wawo, yemwe tsopano anali namwino kutali ndithu, kuti mlamu aliyense wofuna kudzatambasula dzanja adzapse zala. Mwanayo anali asanaione nyumba yake. Ankabwera Loweruka lomwelo.

Chimodzi chokha chinkawanyansa: chitseko cha kukhitchini, choyang'ana kunyanja, chinali chokhomedwa ndi matabwa asanu ndi misomali ikuluikulu. Ankazungulira nyumba yonse ndi beseni la zochapa ngati wolangidwa. Lolemba anaitana kalipentala wa kumsika, yemwe anazula matabwawo akuimba mluzu. Safunsa anadya phula.

Lachitatu masana, nthawi imene nyanja imadzaza n'kufika m'miyala ya kumapeto kwa msewu, atelala anali pamakina, mapini ali kukamwa, akusoka makatani a chipinda cha mwana wawo. Kukhitchini kunamveka mawu a mwamuna, otsika, okhala ngati munthu akuyankhula ali ndi madzi m'kamwa.

"Odi."

Mtima wawo unachita kuti myaa. Mlendo woyamba chilowereni! Analavulira mapiniwo m'dzanja n'kuyankha kuti afike.

"Eni ake alipo?"

"Eni ake kulibe," anatero atelala monyadira, osadzuka n'komwe. "Ndi mwana wanga. Abwera Loweruka."

"Zikomo. Tidzabwera."

Atamaliza mzere umene ankasoka anapita kukhitchini, koma sanapeze munthu. Pasimenti panali mapazi onyowa a anthu anayi kapena asanu, osavala nsapato, ndi timichenga. Fungo lija linali litadzaza nyumba yonse, ndipo ngakhale anakolopa kawiri ndi sopo silinachoke.

Lachinayi kalipentala uja anapezeka atafa m'shedi mwake dzuwa lili paliwombo, atakhala pabenchi, zovala zili zouma, koma m'kamwa ndi m'mphuno mukutuluka madzi amchere. Lachisanu m'mawa zomwezo zinamuchitikira mlonda wa nyumba yachitatu, bambo wachilendo amene anali atangoyamba ntchito. Kugolosale anthu ankanong'onezana kuti onse awiri anamveka akuyankha munthu wosaoneka. Atelala atalowa, mwini golosaleyo anawauza kuti buledi watha, buledi ali mbwee pashelefu.

Pobwerera anapeza mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe anthu ankamutcha Nkhwazi chifukwa cha maso ake, ataima pampanda manja ali m'chiuno. Sanapereke moni. Anawalalatira kuti ndi mfiti kapena chitsiru, ndipo pa ziwirizo chitsiru ndiye choopsa. Anawauza kuti mkulu wa maboti uja sankalemera ndi maukonde ayi: chaka chilichonse boti lake limodzi linkabwerako litadzaza nsomba koma litaperewera munthu mmodzi. Mkuluyo analonjeza anthu omizidwawo kuti tsiku lina mwini nyumbayo adzapita yekha kukawapumuza, ndipo atayamba kumulondola anakhoma chitseko n'kuyamba kusaka wogula. Zaka zinayi msewu wonse unakhala osayankha odi, kuopa kuyankha wolakwika, ndipo zinthu zinali zitazizira mpaka pamene kunabwera wina wodziwa kuzula misomali.

"Ndiye mundiuze," anatero Nkhwazi. "Abwera kale?"

"Anabwera dzana."

"Munayankha?"

"Ndinayankha."

"Munati eni ake ndani?"

Nkhwazi ataona nkhope ya atelala anamvetsa, koma chisoni sanachite. Anati kuli bwino, chifukwa akatenga mwana wa atelalayo ana a anthu ena apuma, ndipo analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko.

Atelala anaimbira mwana wawo kakhumi konse, foni osalowa. Itapezeka madzulo, mwanayo anaseka, nati amayi ayamba liti kukhulupirira za amayi a pampanda, tikiti wagula kale ndipo basi ifika cha m'ma 2 koloko masana. Atelala anathamangira kwa loya kuti asinthe dzina pamapepala, napeza ofesi yotseka mpaka Lolemba. Nambala ya dobadoba inali itasiya kugwira ntchito. Anakhomanso matabwa aja okha, mokhotakhota, akudzimenya zala ndi hamala, koma m'mawa wa Loweruka anawapeza atasanjidwa bwinobwino pakhonde, misomali ili pambali pake, yonse yadzimbiri ngati yakhala m'madzi chaka chathunthu.

Mantha awo anasanduka ukali. Anamulera okha mwana ameneyu, ndi singano, ndipo sakanalola kuti afere mbava ya maboti imene inali kupuma mpweya wabwino kumapiri. Anasamba, navala diresi yawo ya kutchalitchi, nakhala pampando kukhitchini kuyang'ana chitseko. Itangokwana 2 koloko anamva mafunde akuyandikira, kenako mapazi onyowa akuti phatha phatha pakhonde.

"Odi. Eni ake afika?"

"Eni ake ndine," anatero atelala. "Ndinakunamizani tsiku lija. Thukuta lake ndi langa, nyumba ndi yanga. Tiyeni."

Mawu aja anati atsogole. Atelala anatuluka osatembenuka. Anatsika msewu wonse dzuwa likuwala, mapazi osaoneka akuwatsatira n'kumasiya madontho paphula. M'mawindo monse munali maso, koma palibe anatsegula pakamwa. Atafika pamiyala anamva kumtunda kulira kwa galimoto ikuima pageti lawo, ndi mawu a mwana wawo akuthokoza dalaivala. Analowa m'madzi mtima uli m'malo, akudziuza kuti apambana.

Madzi atafika m'khosi ndi pamene anawaona: amuna asanu otuwa, maso odyedwa ndi nsomba, atawazungulira mwaulemu. Wamkulu wawo anawathokoza chifukwa chobwera okha, nati anthu odzipereka chonchi ndi osowa. Kenako anawonjeza kuti pepala la kwa loya analiona, ndipo dzina lolembedwapo si lawo.

"Ife tatopa kukwera mtunda uja, mayi. Mawa madzi akadzaza, wokachita odi ndinu. Ndi ntchito ya watsopano."

Atelala anafuna kukuwa kuti mwana wawo athawe, asayankhe munthu aliyense, koma m'kamwa munali mutadzaza kale madzi, ndipo lilime lawo linali litatsala ndi liwu limodzi lokha. Ankamudziwa bwino mwana wawo. Odi wa mlendo akanatha kumunyalanyaza. Koma anali asanalekepo mayi ake ataima pakhomo.