Chiwongolero cha Agogo Zakaria

Tionenji amakhala ku Kambuzuma. Amakhala ndi amayi ake. Amakhalanso ndi agogo ake, a Zakaria.

Tionenji ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusewera gemu ndi agogo.

Gemuyo anatumiza ndi amalume a ku Joni. Ndi ya mpikisano wa magalimoto. Amaisewera pa TV.

Agogo anayendetsa basi zaka zambiri. Ankanyamula anthu pa siteji ya mabasi ya Mbare Musika. Tsopano anapuma ntchito. Amangokhala pakhonde. Amangoonerera makombi, maminibasi aja, akudutsa.

"Agogo, bwerani tisewere," anatero Tionenji.

Anawapatsa rimoti ya gemu. Agogo anaitembenuza uku ndi uku. Mabatani kumanja. Mabatani kumanzere. Mabatani pamwamba. Mabatani okhaokha.

"Nanga chiwongolero chili pati?" anafunsa agogo.

"Ndi kandodo aka. Muzikankha ndi chala."

"Galimoto yonseyi, chala chimodzi?"

Mpikisano unayamba. Galimoto inafika pakona. Agogo anaiwala kandodo kaja. Anakhotetsa rimoti yonse ngati chiwongolero. Phazi lawo linafunafuna mabuleki pansi. Galimoto inagunda khoma.

Anayesanso. Inagundanso khoma.

Tionenji anaseka. Amayi nawo anaseka. Koma agogo sanaseke. Anaika rimoti pampando.

"Zaka zonse zija sindinagundepo ngakhale nkhuku," anatero agogo. "Izi n'za ana."

Anabwerera pakhonde paja.

Tionenji anamva chisoni. Anachita manyazi ndi kuseka kuja.

Anatenga rimoti. Anatsegula tsamba losinthira gemu. Panali mawu ambirimbiri achingelezi. Anadina apa. Nyimbo inasiya. Anadina apo. Galimoto inasanduka yobiriwira. Anadinanso. TV inayamba kulankhula chinenero chachilendo.

Mutu unamuzungulira. Koma sanasiye.

Kenako anaona kachithunzi. Kanali ka manja awiri akukhotetsa rimoti. Anadina pomwepo. Anakhotetsa rimoti kumanja. Galimoto inakhotera kumanja. Anakhotetsa kumanzere. Galimoto inakhotera kumanzere.

Tionenji anathamangira kukhitchini. Anatenga chivundikiro cha poto wamkulu. Anamangirirapo rimoti ndi mphira. Anapita nacho pakhonde.

"Agogo, pepani ndinakusekani. Chiwongolero chanu ndi ichi."

Agogo anachiyang'ana. Anachigwira ndi manja awiri.

"Nanga mabatani onse aja?"

"Asiyeni. Lanu ndi ili lokha. Ndi lopondera moto."

Agogo anadzuka. Analowa m'nyumba. Anakhala pampando bwinobwino. Anawongola msana.

Mpikisano unayamba. Kona yoyamba, anadutsa. Kona yachiwiri, anadutsa. Sanathamange kwambiri. Oyendetsa basi sachita phuma. Magalimoto ena anagundana. Ya agogo inadutsa pakati. Inafika yosakalika pena paliponse.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Manjawa sanaiwale," anatero.

Amayi anatulukira pakhomo la khitchini.

"Ndani watenga chivundikiro changa? Nyemba zili pamoto."

"Chili pamsewu, Natalia," anayankha agogo. "Vundikira ndi mbale."

Amayi anapukusa mutu uku akumwetulira.

Agogo anasendera pang'ono. Anamenya pampando ndi dzanja.

"Kwera, mdzukulu wanga. Mpando wakutsogolo ndi wako."

Tionenji anakhala pambali pawo. Amayi nawo anakhala kumbuyo.

"Handei," anatero agogo m'Chishona, kutanthauza kuti tiyeni. Ndi mmene ankanenera basi ikadzaza.

Tsiku limenelo makombi anadutsa ambiri. Pakhonde panalibe wowaonerera.