Kamsasa Kopendama ka Tanneke

Tanneke ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna sepiya aikire mazira pa kamsasa kake.

Sepiya ndi kanyama kokhala m'nyanja. Ali ndi mikono yambiri, yonse kumaso. Chisanu chikamatha, amabwera kwathu kuno ku Zeeland. Amafuna timitengo tomangirirapo mazira. Ndiye ife timamumangira timisasa ta nsungwi.

Joost, mchimwene wake wa Tanneke, anamanga kake. Kanali kowongoka bwino. Tanneke anamanganso kake. Koma ine ndisaname, kanali kopendama. Zingwe zinali lendelende.

"Ndi kamsasa kameneko, kapena chisa cha khwangwala?" anatero Joost. "Ngakhale nkhanu singalowemo."

"Muona, achimwene," anatero Tanneke. Koma mtima unamupweteka.

Amayi anatenga timisasa tonse tiwiri. Anakatiika pansi pa madzi.

Panapita masabata atatu. Onse anavala zovala za labala. Anabereka mabotolo a mpweya. Analowa m'nyanja. Madzi anali ozizira, ozizira mpaka mano kuwawa.

Kamsasa ka Joost kanali koyera. Kamsasa ka Tanneke kanali kakuda. Tinthu takuda bii tinadzaza paliponse.

Tanneke anachita manyazi. "Kanga kapendama, kanga kadanso," anaganiza. Anatambasula dzanja kuti apukute.

Amayi anamugwira dzanja msanga. Pansi pa madzi munthu salankhula. Amayi anangopukusa mutu. Kenako analoza.

Sepiya ankabwera pang'onopang'ono. Anali wotuwa ngati mchenga. Kenako anachita mizeremizere. Anayang'ana Tanneke. Tanneke nayenso anamuyang'ana.

Sepiya anafika pa kamsasa kopendama. Anagwira nsungwi ndi mikono yake. Anamangirirapo kanthu kakuda. Anamangirirapo kenanso.

Anali mazira! Pang'ono pokha Tanneke akanawapukuta.

Atatuluka, anakhala m'mphepete mwa nyanja. Amayi anawafunditsa matawulo. Anawapatsa chokoleti chotentha.

"Amayi, n'chifukwa chiyani ndi akuda?" anafunsa Tanneke.

"Sepiya amawapaka inki yakuda ya m'thupi mwake, mwanangu. Amawabisa kuti asadyedwe."

"Ndawerenga makumi anayi," anatero Tanneke. "Nanga anu angati, achimwene?"

Joost anayang'ana m'kapu mwake. Kenako anamugunda Tanneke pang'ono ndi phewa.

"Iwe, chaka chamawa udzandimangire kanga."

"Kopendama?"

"Kopendama kwambiri," anatero Joost.

Tanneke anaseka mpaka chokoleti chinatayika.