Dzina Limene Seva Inakana Kufufuta

Lolemba Lorna Haugen anafufuta dzina la malemu mwamuna wake, Wendell, koma Lachiwiri m'mawa analipeza lilipobe.

Pakampani yaing'ono ya intaneti ya m'tauni yawo ku Saskatchewan, mndandanda wa mayina a makompyuta unkasungidwa pa makompyuta awiri apadera otchedwa maseva. Yaikulu inali mu ofesi. Yachiwiri inali m'kanyumba ka patsinde pa nsanja ya intaneti, kunja kwa tauni, ndipo usiku uliwonse inkakopera mndandandawo ku yaikulu ija. Wendell anasamala ntchitoyi zaka makumi awiri, mpaka akampani anamuchotsa ntchito kudzera pafoni ali gone m'chipatala. Tsopano ntchitoyo inali m'manja mwa Lorna. Cha Wendell chotsala pakampanipo chinali mzere umodzi, dzina la kompyuta yake.

"Si nkhani ya maliro iyi, Lorna," anatero Grant, bwana wake, akupukuta magalasi. "Seva ya kunsanja yasiya kukopera, makasitomala atsopano sakuoneka. Zikakanika pofika Lachisanu, ndiitana akatswiri a mumzinda wa Regina atenge mpando wanuwo. Mwandimva?"

"Ndamva. Maluwa munatumiza aja anali okongola."

Lorna anafufuza zingwe, manambala achinsinsi, njira zonse zapakati pa maseva awiriwo, osapeza vuto. Komabe usiku uliwonse 3 koloko seva yachiwiri inkafunsa, kumva yankho, n'kulemba mawu omwewo: zimene ndili nazo n'zatsopano kuposa izi. Olumikiza mawaya ankanong'onezana kuti m'kanyumbamo mumayaka nyale pakati pa usiku. Lorna akalowa, ankasintha nkhani.

Lachinayi usiku anapitako yekha. Chipale chofewa chinkalira pansi pa nsapato, zingwe za nsanja zikung'ung'udza ndi mphepo. M'katimo munali mdima, kupatula tinyali tobiriwira, ndi fani yopuma mokoka ngati wodwala chifuwa. Kapu ya Wendell inali pashelefu, khofi ataumiramo.

Mwambo wa pantchitopo unali wakuti wosintha mndandanda alembe deti la tsikulo ngati nambala yake, ndipo seva yachiwiri inkalandira kope pokhapokha deti lake likaposa limene ili nalo. Lorna anatsatira mwambowu Lolemba lija. Atayang'ana nambala ya pa seva ya m'kanyumbamo, anapeza kuti Wendell, posintha komaliza, analemba deti la zaka zisanu ndi chimodzi m'tsogolo, pa 30 Juni, tsiku limene ankati adzapuma pa ntchito. Kwa seva iyi, chilichonse chochokera ku ofesi chinali nkhani yakale.

"Iwe Wendell, iwe," ananong'ona. "Mpaka pano wokukonzera ndine."

Anakhala nthawi yaitali chala chili pabatani. Ntchito ya mtunduwu m'tauni monsemo inali imodzi yokha. Anafufuta kope lakalelo. Seva inakopera mwatsopano m'kuphethira kwa diso, dzina lija n'kupita.

Lachisanu Grant anamubweretsera donasi. "Ndimadziwa ine kuti simungatigwiritse mwala."

Lorna anatsegula kaundula wa zochitika pa seva usiku wapitawo. Kuyambira 3 koloko mpaka kucha, mphindi iliyonse, kompyuta imodzi inkafunsa dzina la Wendell, seva n'kumayankha kuti dzina limenelo kulibe. Adiresi ya yofunsayo ankaidziwa pamtima. Inali ya kompyuta imene inali m'katoni m'galaja mwake, yosalumikizidwa ku magetsi chimwalirire mwini wake.